Kiyi Anali M'thumba Mwanga

Sabata yonse ija wailesi inalibe nkhani ina koma ya chipale chofewa. Ankati kukubwera chimphepo chochokera kum'mawa, chonyamula chipale chimene anthu a mu Dublin sanachione kwa zaka zambiri, ndiye aliyense agule zakudya akhale m'nyumba. M'masitolo buledi anatha. Ndinaona bambo wina wa tayi atakumbatira malofu asanu ngati wanyamula khanda, ndipo ndinamuseka, koma mawa lake nanenso ndinazungulira masitolo atatu a kwathu ku Mulhuddart kusaka buledi yemweyo. Ana anga awiri ndiwo ankasangalala. Ndikawafunsa m'Chichewa ngati apeza magulovu awo, ankandiyankha m'Chingerezi kuti sukulu yatsekedwa.

Ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Nthawi imeneyo ndinali nditatha zaka zinayi ndikupita kwa agogo ena achizungu ku Finglas, mabasi awiri popita, awiri pobwerera. Anali amasiye, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, wamkazi, ankakhala kutali kumwera kwa dzikoli. Mutu unali bwinobwino, pakamwa ndiye osanena, koma miyendo inali itawakana. Ankayenda ndi chogwirira cha miyendo inayi, ndipo chigwereni m'kolido chaka chapitacho, lamulo linali lakuti asaimirire popanda munthu pambali pawo.

Nyumba ija ndinkaidziwa kuposa mwana wawo. Ndinkadziwa kapu imene amamwera tiyi, pilitsi limene amalibisa kunsi kwa lilime, ndi thabwa limene limalira m'chipinda. Ndinkadziwanso za chitseko. Chitseko chakumaso chinkadzikhoma chokha ukangochikoka, ndipo kiyi ankakhala panja, m'kabokosi kachitsulo ka manambala kokhomeredwa pakhoma. Kukazizira kwambiri kabokosiko kankauma gwaa, mabatani osadinikika. Ndiye nyengo yozizira, ndikatsegula m'mawa, kiyi ndinkamusunga m'thumba, n'kumupereka m'manja mwa amene wabwera kudzandilandira ntchito.

Agogo aja ndinawapatsa ulemu wonse umene mayi anga anandiphunzitsa. Sindinawatchulepo dzina, ngakhale ankandiuza kuti ndiziwatchula. Lilime linkakana, ndinkangoti Mama. Kapu ndinkawapatsira ndi manja awiri, maondo nditapinda pang'ono. Polankhula sindinkawayang'ana m'maso. Akandiuza kuti ndikhale pansi timwere limodzi tiyi, ndinkathokoza n'kukamwera wanga kukhitchini, choimirira. Ndinkaganiza kuti zonsezi akuziona ndipo zikuwafika pamtima.

Ndiye kunabwera mtsikana uja. Ndi mwana wa mnzanga amene ndinaphunzira naye ku sekondale, ndipo amanditchula kuti anti. Anabwera pa sikolashipu kudzachita digiri yachiwiri. Ndine ndinakamulandira ku bwalo la ndege, ndine ndinamuveka jekete langa atatsika ndi kajuzi kopyapyala. Ine ndinalowa m'dziko muno kudzera ku hositelo ya opempha chitetezo, kumene ndinatha zaka ndikudikira mapepala, osaloledwa ngakhale kudziphikira. Iye anatsika ndege mapepala ali m'manja, chipinda chikumudikira ku Rathmines, m'nyumba yakale ya mawindo ataliatali. Sindinadandaule. Kapena ndinene zoona, ndinadandaula pang'ono, koma ndinameza. Atafuna kaganyu ka maola ochepa, ndine ndinamulankhulira kuntchito kwathu, ndipo anamupatsa masiku amene ine ndinkapuma kwa agogo omwe aja.

Tsiku lina ndinadutsirako kukasiya mankhwala, lisali tsiku langa. Ndili pakhomo ndinamva chikhakhali chimene sindinachimvepo m'nyumba muja. Nditalowa ndinapeza mtsikana atakhala pamkono wa mpando wa agogo, miyendo ili lende, akudya mabisiketi a m'chitini chimene ine sindinkachikhudza n'komwe. Ankawatchula dzina lenileni ngati mnzake wa m'kalasi, akutsutsana nawo za munthu wina wa pa wailesi, agogo misozi ili mbwembwe ndi kuseka. Atandiperekeza panja ndinamudzudzula.

"Iwe, kwanu amakhala choncho pamaso pa akulu?"

"Anti, kuno it's different," anatero. "Mukamawapatsa ulemu wambiri amaona ngati simukuwafuna."

"Wabwera liti iwe kuti uzindiphunzitsa za kuno?"

Anapepesa, manja atawagwira pamodzi. Kwa ine ulemu anali nawo wonse, ndipo zimenezo zinkangondiwonjezera mkwiyo, chifukwa ndinkasowa pomugwirira.

Nyengo yotentha itatha, agogo anayamba kuluka chipewa cha ulusi wobiriwira. Zala zawo zinali zouma, moti chinawatengera miyezi. Ndine ndinkawagwirira ulusi, ndine ndinkatola singano zikagwa. Katatu konse anandiitana kuti ndiwerame andiyese kumutu. Ndinauza mwamuna wanga kuti agogo akundilukira chipewa, ndinauzanso amayi anzanga a ku tchalitchi. Chakumapeto kwa chaka mtsikana uja anabwera kwathu kudzacheza atachivala.

"Akuti mutu wanu ndi wanga ndi same size, anti," anatero akuseka.

Nanenso ndinaseka. Mwamuna wanga anadzuka kukathira madzi m'ketulo imene inali yodzaza kale. Sindinkadziwa kuti mayi wamkulu ngati ine, wa ana a ku sekondale, angachite nsanje chifukwa cha nkhalamba ya eni. Koma inandigwira, nsanje yeniyeni, yowawitsa chakudya m'kamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndikalowa m'nyumba ya ku Finglas ndinkayamba ndasuzumira m'chitini cha mabisiketi kuti ndione kuti adya angati.

Kutatsala tsiku limodzi kuti chimphepo chifike, mwana wa agogo anandiimbira foni. Anati mabasi asiya kuyenda mawa masana, misewu itsekeka mwina masiku atatu, ndipo iye sangathe kufika. Choncho anali atagwirizana ndi akuntchito kwathu kuti munthu mmodzi akhale ndi amayi ake m'nyumba mpaka kutachita bata. Ndinali nditayamba kale kusankha m'mutu zovala zoti ndinyamule.

"Amayi asankha mtsikana uja," anatero. "Inu mungogwira ya m'mawa, mumusiyire zonse, kenako muthamangire kwa ana anu."

Ndinamuuza kuti imeneyo ndi nzeru yabwino. Nditadula foni ndinakalipira ana chifukwa cha nsapato zimene zinali pamalo pake.

M'mawa mwake chipale chinali chitayamba kale, chouma, chouluka ngati ufa. Basi inkayenda mokwawa. Nditafika, kabokosi kanavuta monga mwa nthawi zonse, ndinachita kukauzira mpweya ndi kukamenya ndi chigongono. Nditatulutsa kiyi ndinakatsekanso, kiyiyo n'kumuika m'thumba la jekete. Tsiku limenelo ndinagwira ntchito ngati munthu wofuna mboni. Ndinawasambitsa, ndinasintha zofunda, ndinaphika supu wa masiku atatu, ndinadzaza mafulasiki, ndinaika makandulo ndi tochi poonekera, mapilitsi ndinawandandalika tsiku ndi tsiku lake. Agogo maso anali pawindo.

"Mtsikana uja afika koma? Basi yake ikuyenda?"

Anafunsa kanayi. Za basi yanga sanafunse.

Mtsikana anafika itangokwana wani koloko, chipewa chobiriwira chitayera ndi chipale. Ndinamutsegulira ndili m'kati, ndiye kabokosi sanakakhudze. Agogo anatambasula manja onse awiri, iye n'kuwagwera m'khosi ndi jekete lozizira lomwelo. Ndinadikira amalize. Kenako ndinamuonetsa zonse, mankhwala, supu, pozimitsira madzi paipi ikaphulika. Nthawi yonseyi, nditavala kale jekete, dzanja langa linali m'thumba likugwira kiyi. Chinatsala n'kungotulutsa dzanjalo. Sindinalitulutse. Sindinganene kuti ndinali ndi pulani. Ndinkangofuna kuti m'nyumba muja mukhale kanthu kamodzi kamene iye akasowe mpaka atafunsa ine.

Nditatsanzika, agogo anangokweza dzanja n'kunena kuti ndifike msanga. Mtsikana anaika foni yake pa chaja, n'kutenga chikwama changa.

"Ndikuperekezeni, anti."

Eni dziko lino amatsanzikana pakhomo n'kutseka chitseko. Ife sitingathe. Munthu wamkulu sumusiya atuluke yekha ngati mwayambana, umamulandira katundu n'kumufikitsa pamsewu. Mtsikana uja, ngakhale ankakhala pamkono wa mpando wa azungu, mwambo umenewu sanauphonyepo ndi tsiku limodzi. Ndikanatha kumuletsa. Munthu wanzeru akanamuuza kuti akhale, kunja kwaipa. Koma ine ndinkafuna agogo aone pawindo kuti wapamtima wawo uja amandinyamulira chikwama ine.

"Five minutes zokha," anawauza agogo, n'kukoka chitseko.

Chinalira kuti kho. Ndinamva bwinobwino.

Ndinadziuza kuti ndimupatsa kiyiyo tikafika pa siteji, pamodzi ndi kamalangizo koti munthu satuluka m'nyumba ya eni osayang'ana kiyi. Ndinkakonza kale mawu ake. Mphepo inali itayamba kukwera, chipale chikutimenya m'maso, tikuyenda chowerama.

"Anti, ndikuopa," anatero. "Sindinakhalepo ndi client three days ndekha. Akadwala ndidzatani?"

Zimenezi zikanayenera kundifewetsa mtima. M'malo mwake zinandikoma.

"Si wasankhidwa iwe? Udziwa chochita."

Tisanafike pa siteji, basi inatulukira mu mbuu muja magetsi ali oyaka. Mtsikana anathamanga akuterereka, akukupiza chikwama changa m'mwamba, mpaka inaima. Dalaivala anakuwa kuti iyi ndi yomaliza. Mtsikana anandikankhira m'kati, chikwama chinanditsatira.

"Mufike bwino, anti! Mundiimbire!"

Zitseko zinatsekeka. Pawindo ndinaona chipewa chobiriwira chikubwerera chothamanga.

Apa ndi pamene ndimalakalaka nditanama. Ndikanatha kulemba kuti ndinaiwala, kuti chipwirikiti cha basi chinandisokoneza. Koma kiyi anali m'dzanja langa, atafunda ndi thukuta. Siteji yoyamba inadutsa. Ndinati alimbane nako pang'ono kabokosiko, adziwe kuti ntchito imeneyi si kudya mabisiketi. Ndinati andiimbira, pamene ndinali nditaona ndi maso anga foni yake ili pa chaja kukhitchini. Siteji yachiwiri inadutsa. Ndinayamba kumva m'mutu mwana wa agogo akundiimbira, akunena kuti analakwitsa, akanasankha ine. Ndinali nditakhala pampando wofunda, ndipo zinkandikoma.

Chimene chinandidzutsa ndi bambo wina wokalamba amene anaimirira basi isanaime. Anadzandira, ndipo dzanja langa linamugwira m'chigongono ndisanaganize n'komwe, monga limachitira tsiku lililonse kuntchito. Pomwepo ndinakumbukira chinthu chimene ndinkachidziwa kuposa wina aliyense. Agogo aja akamva kugogoda amaimirira. Uwaletse motani, amaimirira. Ndi mmene anagwera chaka chapitacho, wa positi atagogoda, ndipo amene anawapeza ali kwala m'kolido, chiuno chitathyoka, ndine.

Ndinadina belu. Dalaivala anandiyang'ana pagalasi.

"Mayi, kumbuyoku kulibe ina. Mukatsika, mwatsika."

Ndinatsika.

Pobwerera mphepo inali kumaso. Chipale sichinkagwa kuchokera kumwamba, chinkabwera cham'mbali, chikundilasa m'masaya. Msewu ndi moyenda anthu zinali zitasanduka chinthu chimodzi, phazi linkangoponda mosadziwa kuti lifika pati. Ndinadutsa galimoto ziwiri zitapingasa, eni ake atazisiya. Ndinagwa kawiri, kachiwiriko ndinamenyetsa bondo ndipo ndinatukwana m'Chichewa chenicheni. Nyumba za ku Finglas n'zofanana ngakhale dzuwa likuwala, ndiye tsiku limenelo ndinapitirira pokhotera mpaka ndinazindikira sitolo ya pakona itatsekedwa, n'kubwereranso. Mtunda umene basi inayenda mphindi khumi unanditengera pafupifupi ola. Ndinkapemphera kuti asaimirire, Ambuye, asaimirire. Ndipo ndivomere kuti ngakhale pamenepo, pakati pa pemphero, kamtima kena kankanong'ona kuti lero aona amene wabwerera.

Mtsikana ndinamupeza atagwada pakhomo, chipale chitamukwirira miyendo, pakamwa atalozetsa pakabowo kolowetsera makalata. Ankalankhula mosalekeza, akuwatchula dzina lija, mawu atasasa. Magulovu anali atavula, ndipo zala zinali magazi okhaokha chifukwa cholimbana ndi kabokosi.

"Anti!" analira atandiona. "Box yakana, yauma. Next door kulibe anthu. Ndikangosiya kulankhula akumayenda. Ali pa corridor, miyendo ikunjenjemera. Ndimati ndiswe glass koma ali pafupi, iwalasa."

Kabokosi sindinakayang'ane n'komwe. Ndinapisa m'thumba, ndinatulutsa kiyi, ndinatsegula.

Agogo anali pakati pa kolido, pamalo omwe aja, atakakamira chogwirira chawo, nkhope ili mbuu, maondo akupindika pang'onopang'ono. Tinawawakha wina uku wina uku. Sanagwe. Tinawabwezera pampando, tinawafunditsa, ndinawamwetsa tiyi wa m'fulasiki, ndipo mpweya utabwerera anayamba kutikalipira tonse awiri, zimene zinandiuza kuti ali bwino.

Kukhitchini ndinathira madzi ofunda m'beseni kuti ndimutsuke zala. Kiyi anali patebulo. Mtsikana anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Anali ndi inu?"

"Ndinaiwala," ndinatero.

"Mwakumbukira muli pati?"

"Pa siteji yoyamba pomwepo."

Anakweza maso kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Siteji yoyamba imaoneka ukaima pakona. Anandilola kumumanga zala, nkhope atayang'ana kumbali.

Basi kunalibenso, ndiye ndinaimbira mwamuna wanga kuti sindibwera. Tinakhala m'nyumba muja masiku atatu, anthu atatu, chipale chitafika m'mawindo. Mwana wa agogo ataimba foni, agogo anamuuza kuti ndinatsika basi yomaliza n'kuyenda wapansi m'chimphepo chifukwa cha iwo. Mtsikana anatenga foni n'kuvomereza. Anati wolakwa ndi iye, anatuluka osayang'ana kiyi, ndipo pakanapanda anti sakudziwa chikanachitika. Za thumba langa sanatchule. Pambuyo pake akuntchito anamulembera kalata yomuchenjeza. Ine ndinali pomwepo pamene ankalankhula pafonipo, ndili ndi pakamwa, ndipo ndinangoti zii.

Tsiku lachiwiri agogo anandigwira dzanja ndikuwapatsa kapu.

"Ndinkayesa simundikonda, inu," anatero. "Zaka zinayi simunakhalepo nane pansi. Simundiyang'ana n'komwe. Ndinkati mumangobwerera ntchito."

Anamenya pamkono wa mpando kuti ndikhale. Ndinakhala, chouma, ngati ndakhalira minga. Anandiuza kuti nditsegule chitini. Ndinatenga bisiketi imodzi n'kuidya. Mtsikana anali pakhomo la kukhitchini akupukuta mbale ndi zala zomanga, ndipo anatiyang'ana kamodzi n'kubwerera m'kati. Chimene ndinkachifuna ndinali nditachipeza. Pofika nyengo ya Pasaka anali atandilukira chipewa changa, chofiira, osandiyesa n'komwe chifukwa muyeso anali nawo kale. Chili m'dirowa. Mwamuna wanga anandifunsa kamodzi chifukwa chake sindichivala, ndinamuuza kuti chimandiyabwa.

Misewu itatseguka, mwana wa agogo anafika n'kutitula aliyense kwawo pagalimoto. Sabata yotsatira, chipale chitasungunuka n'kusiya matope akuda m'mbali mwa misewu, ine ndi mtsikana uja tinakumananso ku Finglas posinthana ntchito. Ndinamutsegulira, ndipo asanavule jekete ndinamuika kiyi m'manja.

"Zikomo, anti," anatero.

Ndinatsanzika agogo. Chikwama changa chinali pampando wa m'kolido, pamene chinkakhala nthawi zonse. Ndinamanga mpango pang'onopang'ono, ndinaumasula, ndinaumanganso. Ndinafunafuna magulovu amene ndinkadziwa kuti ali m'thumba. Mtsikana anaima pambali akundidikira, manja atawagwira pamodzi, mwaulemu wake wonse uja. Kenako ananditsegulira chitseko n'kuima pakhomo, phazi osatulutsa.

"Muyende bwino, anti."

Chitseko chinalira kuti kho kumbuyo kwanga. Chikwama ndinanyamula ndekha mpaka pa siteji.